Mkangano wa pa doko uja: masewero a pa kanema ndi ife a kunyanja

Anzanga a pa gulu, pepani, uthengawu ndi wautali ngati wa ulendo watha uja. Amene ali pa ntchito ausunge, adzawerenge mwezi ukawala.

Lachinayi lapitali mwera unatitsekera kumtunda, maboti onse ali pamchenga, ndiye anthu anadzazana pa shedi yanga pomwe ndimamasula kabureta ya injini ya amalume. Mukudziwa kale, pakakhala amuna opanda chochita nkhani siichedwa kupsa. Wina anayatsa foni n'kuika kagawo kakale ka Tikuferanji, basi mkangano unabuka. Mnzathu wobwera ku Joni uja akuti masewero a pa kanema a kuno ndi manyazi okhaokha, mawu samveka, nkhani yake ulaliki. Wina akuti iyayi amwene, Tikuferanji inapulumutsa anthu. Wachitatu akuti zonsezo n'zachabe, Manganya anatisandutsa makwerero opitira ku ndale. Bambo anga anali poteropo akusoka ukonde, osalankhula kanthu. Ine pofuna kuyankha aliyense ndinagwetsa kajeti ka kabureta mumchenga, ndipo tinakafuna mpaka dzuwa kupendeka. Ndiye ndinalonjeza kuti yankho langa ndilemba ndikakhala pansi, manja ali osamba.

Langa ndi ili: sewero la pa kanema la ku Malawi sungaliweruze kuti ndi labwino kapena loipa usanafunse kuti ankatha kulionera ndani, ndipo ndalama yolipangira ndi mlongoti woulutsira zinali m'manja mwa yani. Kuti zimveke tiyambire kumbuyo.

Ine ndinabadwa mu 1999, chaka chomwe Television Malawi, imene tinkangoti TVM, inayamba kuulutsa pa 1 Epulo. Ndiye kuti kanema wa dziko lino ndi msinkhu wanga, sanafike n'komwe zaka 30. Anzathu otizungulira anatitsogolera kalekale. Ku Zimbabwe kanema anayamba mu 1960, ku Zambia mu 1961, ku South Africa, komwe boma la tsankho linamukaniza kwa zaka zambiri, anayamba mu 1976. Ife zaka 30 zonse za Kamuzu, kuchokera 1964 mpaka 1994, tinalibe nyumba youlutsira kanema. Chomwe chinalipo ndi MBC, wailesi imodzi, ya boma, yolankhula zomwe boma lafuna. Pamwamba pake mu 1968 anakhazikitsa lamulo lounika mabuku, mafilimu ndi zisudzo, ndipo bungwe lake linkayenera kuwerenga sewero lisanaseweredwe pagulu. Kulemba kunali koopsa nthawi imeneyo. Jack Mapanje, mwana wa kwathu konkuno ku Mangochi, anamutsekera ku Mikuyu mu 1987 popanda kumuzenga mlandu, n'kudzatuluka mu 1991, chikhalirecho anali mlakatuli ndi mphunzitsi wa ku Chancellor College.

Komabe musaganize kuti anthu analibe masewero. Analipo, a m'khutu. Funsani bambo kapena agogo anu za Sewero la Sabata Ino, Kapalepale, Pamajiga, muone nkhope zawo mmene zisinthire. Bambo anga amanena kuti pamudzi pawo wailesi inali imodzi, mabatire ake ankawayanika padzuwa kuti atsitsimuke, ndipo ikakwana nthawi ya sewero ngakhale okazinga nsomba ankasiya chiwaya. Wailesi inali ndi ubwino umodzi umene kanema mpaka lero alibe: umaimvera manja akugwira ntchito. Ukhoza kusoka ukonde, kuyanika usipa pa thandala, kupala bwato, khutu lili ku sewero. Kanema amafuna maso ako onse, mpando, denga, ndi magetsi.

Mkangano wa ubwino wa sewero ndi chilankhulo unayamba kanema asanabwere. Pa MBC pomwepo panali Theatre of the Air ya Chingerezi, ya anthu a sukulu, ndi Sewero la Sabata Ino la Chichewa, la aliyense. M'maholo a m'tauni munalinso chimodzimodzi. Mbali ina kunali Du Chisiza Jr. ndi gulu lake la Wakhumbata, lomwe analiyambitsa mu 1987, masewero a Chingerezi cholemera, olembedwa mwaluso, obaya akuluakulu mozungulira. Mbali ina kunali Kwathu Drama Group, ya Chichewa, momwe munali John Nyanga ndi Eric Mabedi, Izeki ndi Jakobo athu aja. Ophunzira ankati za Du ndiye zisudzo zenizeni, zinazi n'zoseketsa anthu wamba. Anthu wambawo ankati ife tikamalipira pakhomo tikufuna kumva zomwe zikunenedwa. Ine ku sekondale ndinasewerako sewero la mpikisano wa ATEM, la Chingerezi, ndinali mlonda wolankhula mizere itatu. Mayi anga anabwera kudzaonera, anaomba m'manja kwambiri, koma kunyumba anandifunsa kuti kodi umati chiyani pamene uja. Mpaka pano funsolo limandibwerera.

Ndipo tikati Chichewa ndi cha aliyense, tisaiwale kuti kuno kwathu agogo ambiri chawo ndi Chiyao, ku Nkhata Bay Chitonga, kumtunda uko Chitumbuka. Mu 1968 momwemo boma linapanga Chichewa kukhala chilankhulo cha dziko ndipo Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi. Zilankhulo zinazi zinadzamvekanso pa MBC ulamuliro wa chipani chimodzi utatha, makamaka pa nkhani. Pa masewero a pa kanema ndiye aaa, munthu wolankhula Chiyao akaoneka, kawirikawiri amakhala woti anthu amuseke kalankhulidwe. Izi zimandinyansa, koma ndi nkhani ya tsiku lina.

Du Chisiza anamwalira mu Febuluwale 1999, patatsala masabata ochepa kuti TVM itsegulidwe. Ndimaganiza nthawi zina kuti munthu amene anthu ankamuona ngati katswiri woposa onse pa zisudzo anapita kanema ali pakhomo. Ndiye kanemayo anayamba ndi zomwe zinalipo: nkhani za boma, misonkhano ya pulezidenti, makwaya, nyimbo, ndi mapulogalamu ogula kunja. Ankaulutsa maola ochepa patsiku kuchokera ku Kwacha mu Blantyre, ndipo oyamba kuona anali a m'mizinda.

Tsopano apa ndi pamene ndikufuna mnzathu wa ku Joni amvetsere. Kodi mu 2000 kapena 2005 ndani kuno kunyanja ankaonera TVM? Kalembera wa 2018, patapita zaka 19 kanema atayamba, anapeza kuti pa nyumba 100 zilizonse m'dziko muno, pafupifupi 11 zokha ndi zomwe zinkaunikira magetsi a pa mawaya. Bwererani zaka khumi ndi zisanu kumbuyo, muchotse za ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, muone zomwe zitsale za ku Makanjira, Malembo kapena Msaka. Pamudzi pathu kanema woyamba amene ndimamukumbukira anali wa aphunzitsi ena, wakuda ndi woyera, woyendera batire ya galimoto, eriyo yake itamangidwa pa nsungwi yaitali. Mwana mmodzi ankaima panja kupotoza nsungwiyo, ife mkati kumakuwa kuti pomwepo, pomwepo, wapitirira! Chithunzi chikagwira mawu ankathawa. Batire ikamatha chithunzi chinkafupika pang'onopang'ono mpaka Manganya kusanduka kamzere.

Palinso china chimene a ku Blantyre sanachiganizepo, nthawi. Masewero amaikidwa madzulo anthu atadya, chifukwa wa mu ofesi ndi pamene wafika panyumba. Koma wa usipa madzulo ndi pamene akunyamula nyali, mafuta ndi chilimira kulowa panyanja. Siginala ndi alovi onse amachoka dzuwa likamalowa, kubwera m'bandakucha, masana kugona. Ndiye bambo anga, amene moyo wawo wonse ndi wa usiku, sewero la madzulo ankalipeza pokhapokha mwezi ukawala kapena mwera ukavuta. Otsala kumtunda, amayi ndi ana, ndi amene ankadziwa nkhani yonse. Abambo ankangomva m'mawa pogulitsa nsomba kuti dzulo Manganya wachita zakuti.

Tikuferanji yokhayo tiikambe bwinobwino, chifukwa ndi imene inayambitsa phokoso pa shedi. Inali ya bungwe la ADRA, la mpingo wa Seventh-day Adventist, ndipo inkamveka pa wailesi komanso kuoneka pa kanema. Michael Usi, amene ankasewera ngati Manganya, anali wogwira ntchito wa bungwelo mpaka anafika pa udindo waukulu. Dzina lake lomwelo likukuuzani chomwe inabwerera. Inali nthawi imene Edzi inkakolola anthu ngati chimanga, ARV aulere m'zipatala za boma anadzayamba mu 2004, ndipo pamaliro ankangoti anadwala nthawi yaitali. Chaka chomwecho cha 2004 ndi pamene Bakili Muluzi ananena poyera kuti mchimwene wake anamwalira ndi Edzi, ndipo inali nkhani yaikulu kuti mtsogoleri watchula matendawa pa m'bale wake. Kuno ku madoko tikudziwa mmene zinalili, ndalama ya usipa ikagwa, mabala kudzaza, amayi ena ogula nsomba kukakamizika kugona ndi asodzi kuti apeze katundu. Palibe banja pa gulu lino limene silinaike munthu zaka zimenezo.

Ndiye mkati mwa chete ameneyo munabwera sewero lomwe anthu ake ankatchula kuyezetsa magazi, kulowa kufa, chokolo, kulanda katundu wa amasiye, zonse pa Chichewa cha pamsika, uku akukusekesa. Kodi mawu nthawi zina ankamveka ngati ajambulira m'chidebe? Eya. Kodi panali zigawo zomwe munthu ankaima n'kuyamba kulankhula ngati namwino wa pa sikelo, nkhani n'kuima kudikira kuti amalize phunziro? Zinalipo, ndipo ngakhale ndili mwana ndinkadziwa kuti apa tsopano tayamba kuphunzitsidwa. Mnzathu wa ku Joni sakunama. Koma azakhali anga ena anakayezetsa atakangana ndi amuna awo pa nkhani yomwe anaiona mu sewerolo, ndipo lero ali moyo, akumwa mankhwala, ali ndi zidzukulu. Sindikunena kuti sewero lokha ndi limene linawapititsa kuchipatala. Ndikunena kuti linawapatsa poyambira nkhani imene m'nyumba mwawo inalibe poyambira.

Ulaliki umene timadandaulawo uli ndi gwero lake, ndipo gwerolo ndi thumba la ndalama. Kujambula sewero sabata ndi sabata kumafuna makamera, galimoto, mafuta, chakudya, malipiro, kenako kulipira nthawi pa kanema. M'dziko lomwe makampani otsatsa malonda ndi owerengeka, amene anali ndi ndalama yotere anali mabungwe ndi maiko othandiza. Story Workshop, imene inayambitsa Zimachitika pa wailesi mu 1997, inkayendanso ndi thandizo lotero. Wopereka ndalama amabwera ndi mutu wake: chaka chino Edzi, chaka chamawa nkhanza za m'banja, kenako chisankho, kenako mitengo. Mitu yabwino ndithu, palibe woikana. Koma wolemba sewero amakhala ngati ine akandibweretsera injini n'kunena kuti ukonze ndi zipangizo izi zokha, ndipo pomaliza ulembe lipoti. Nkhani imene ilibe phunziro loti lilowe mu lipoti, monga ya mlovi amene akukondana ndi mwana wa mwini boti, kapena ya abale awiri olimbirana chilimira cha malemu bambo awo, inalibe woilipira. Ndiye tinakula tikuganiza kuti sewero la Chimalawi ndi la uphungu, la kunja ndi la kusangalala.

Zakunjazo zinatipeza kudzera pa vidiyo, ndipo apa ndikulankhula zomwe ndinaziona ndi maso, chifukwa umakaniko wanga ndinauyambira pa jenereta ya vidiyo ya pa doko ndisanagwire injini ya boti. Ndinali fomu 2, mwini wake ankandilola kulowa ulere ndikamutsukira pulagi ndi kumusefera mafuta. Kashedi ka mphasa ndi mapepala akuda, mabenchi a matabwa, sipika panja kuitana anthu. Mmenemo munkalamulira mafilimu a ku Nigeria, amene msika wawo unaphulika kuchokera pa Living in Bondage ya mu 1992, ndi a karate, ndi a Chimwenye, kenako aja omasuliridwa ndi ma DJ m'Chichewa, oti Mchaina akulankhula za ku Ndirande. Mwini vidiyo analibe bungwe lomuuza mutu. Ankayang'ana ndalama za pakhomo basi. Filimu ikapanda kudzaza mabenchi, mawa siibwereranso. Ndipo ankatsegula m'mawa ndi masana, nthawi imene alovi ali kumtunda ndi ndalama m'thumba. Pa nkhani yofikira anthu, kashedi kameneko kanagonjetsa TVM kutalitali. Za Chimalawi zomwe zinkalimba mmenemo zinali za Izeki ndi Jakobo pa ma CD, chifukwa awo ankadziwa kugwira anthu kuyambira m'maholo.

Kenako kunabwera madishi ndi madikoda otchipa aja, Wiztech ndi Philibao, ogwira SABC ulere. Abale athu a ku Joni ankabwera nawo pamodzi ndi mabulangete ndi njinga. Mwadzidzidzi anthu a kuno anayamba kudziwa Generations, sewero lomwe linayamba mu 1994 ku South Africa, ndi Muvhango, ndi Isidingo. Pamenepo ndi pamene mawu oti za kwathu n'zamanyazi anamera mizu. Zoona, ukaika Generations pambali pa sewero lathu, kuwala kwa chithunzi, zovala, nyumba, mawu, zonse zimasiyana ngati boti la injini ya 40 ndi bwato la nkhafi. Koma SABC inali ndi zaka zoposa 20 za kanema ife tisanayambe, ndi makampani akuluakulu olimbirana kutsatsa malonda pakati pa sewerolo. Ndipo nakonso sikuti kunali mtendere. Yizo Yizo, sewero la sukulu ya m'komboni lomwe linayamba mu 1999, linafika pokambidwa ku nyumba ya malamulo ya kumeneko mu 2001, ena akufuna liletsedwe chifukwa choonetsa nkhanza ndi kugwiririra mosabisa, ena akuti likungoonetsa zomwe ana awo akukumana nazo. Mu 2014 osewera 16 a Generations anachotsedwa ntchito atanyanyala pofuna malipiro abwino. Ife SABC yaulereyo inatithera mu 2013 pamene anaitseka kuti isamagwidwe kunja kwa dziko lawo, ndipo madikoda aja anatsala ndi matchanelo a maulaliki. Ndikukumbuka amayi ena akubwera nayo dikoda kwa ine kuti ndiikonze, ine kuwauza kuti amayi, iyi sinafe, atitsekera ku Joni.

Tsopano ndale, za mnzathu wachitatu. Choyamba tikumbuke kuti kwa zaka zambiri mlongoti wa kanema unali umodzi, ndipo mwini wake anali boma. Aliyense wolamula, kaya UDF kaya DPP kaya wina, ankautenga ngati wake, otsutsa n'kumalira, iwonso akalowa n'kuchita zomwezo. Nthawi ya Bingu pa wailesi ya MBC panali Makiyolobasi, pulogalamu yoseketsa yonyoza atsogoleri otsutsa, makamaka Muluzi. Anthu ankaseka, inde, koma zinali zisudzo zogwiritsidwa ntchito ngati chibonga. Otsutsa, amene anali ochuluka m'nyumba ya malamulo, anabwezera mu bajeti ya 2007 popatsa MBC ndi TVM K1 iliyonse. Wani kwacha, amwene. Ndiye taganizani, nyumba ya kanema imene ikukokedwa chonchi, mbali ina boma likufuna misonkhano yake ioneke, mbali ina ndalama zadulidwa, ingaike bwanji mtima pa kupanga masewero abwino? Ndipo wolemba sewero amene akudziwa kuti khomo lotulukira ndi limodzi lomweli, angalembe za nduna yakuba mpaka pati? Amaseka mfumu ya m'mudzi, sing'anga, mlamu waumbombo, wapolisi wa pamsewu mwina. Akafika pa mpanda wa akuluakulu amakhota. TVM ndi MBC zinadzaphatikizidwa kukhala bungwe limodzi, ndipo makanema ena monga Times ndi Zodiak anadzapatsidwa mwayi m'nthawi ya Joyce Banda. Pamenepo mpweya unayamba kulowa, koma tinali titataya kale zaka zoposa khumi.

Chachiwiri, azisudzo kulowa ndale sikunayambe ndi Manganya. Du Chisiza yemweyo, amene masewero ake ankabaya ulamuliro wa chipani chimodzi, anavomera kukhala nduna m'boma la Kamuzu mu 1993, chaka cha referendamu, ndipo ambiri omukonda anakhumudwa. Bon Kalindo, Winiko, anakhala phungu wa ku Mulanje mu 2014, kenako wotsogolera zionetsero. Michael Usi anayenda ulendo wautali kuposa onse: anayambitsa Odya Zake Alibe Mlandu, anakhala wotsatira wa Saulos Chilima pa chisankho cha 2019, nduna kuyambira 2020, ndipo Chilima atamwalira pa ngozi ya ndege ku Chikangawa pa 10 Juni 2024, iye analumbira kukhala wachiwiri kwa pulezidenti pa 21 Juni. Mu 2025 anaima pa mpando wa pulezidenti ndipo mavoti ake anali ochepa.

Kodi anatigwiritsa ntchito? Ine ndimaiona chonchi. M'dziko la kanema mmodzi, nkhope imene imaoneka sabata iliyonse kwa zaka zambiri, ikunena zoona zomwe ena akuopa kunena, imasonkhanitsa chuma china chake chosaoneka, chikhulupiriro cha anthu. Andale amachinunkhiza chumacho ngati mphaka pa thandala la usipa. Mwini wake akhoza kuchisunga kapena kuchigula nacho mpando, ndi ufulu wake. Koma akagula nacho mpando, sewero limalipira mtengo. Manganya wa kale akadzudzula, tonse tinkati wanena zoona. Atavala mtundu wa chipani, mawu omwewo theka la anthu linayamba kufunsa kuti akutumidwa ndi ndani. Ngakhale zigawo zakale, zojambulidwa iye asanalote za ndale, anthu akuzionera ndi diso lina, monga tinaonera pa shedi Lachinayi. Ndipo mavoti a 2025 aja akundiuza kuti anthu amadziwa kusiyanitsa. Kukonda Manganya pa kanema ndi kwina, kupatsa Usi dziko ndi kwina. Koma kunena kuti zonse zinali makwerero kuyambira pachiyambi, ayi, pamenepo ndikukana. Munthu sangasewere za maliro a Edzi zaka zonse zija, nthawi imene kutchula matendawo kunali kudzichotsera ulemu, ali ndi pulani ya mpando wa 2024 m'thumba.

Pali chinthu chimodzi chimene ndinafuna kunena pa shedi koma phokoso linachuluka. Amalawi akapeza mpata ndi nthawi, zabwino amapanga. Shemu Joyah, munthu woyeza malo pa ntchito yake, anatulutsa Seasons of a Life, kenako The Last Fishing Boat mu 2012, kenako The Road to Sunrise imene inapambana mphoto ya Africa Magic mu 2018. Joyce Mhango Chavula anapambananso mphoto yotero mu 2016 ndi filimu yake ya Lilongwe. Awa ndi mafilimu, si masewero a sabata ndi sabata, koma akutseka pakamwa aliyense wonena kuti luso kuno kulibe. The Last Fishing Boat ndi ya ife ndendende: inajambulidwa konkuno ku Mangochi, ya msodzi Yusufu amene nsomba zikumuthera, malo a m'mbali mwa nyanja akupita kwa a mahotela, mwana wake akuthamangira azungu odzaona malo. Inayenda m'maiko, inalandira ulemu. Ndiye ndikufunseni a pa gulu, ndi angati mwa inu munaionera? Pa shedi paja tinalipo anthu oposa khumi, asodzi ndi ana a asodzi okhaokha. Amene anaionera tinali awiri. Onse ankadziwa Manganya, onse ankadziwa Aki ndi Pawpaw a ku Nigeria. Filimu ya msodzi wa ku Mangochi inakafika kwa azungu a kunja isanafike kwa asodzi a ku Mangochi.

Lero zinthu zasinthanso. Kanema anasamukira ku dijito, pakufunika dikoda, kaya ya Kiliye Kiliye kaya ya GOtv yolipira mwezi ndi mwezi. Sola yalowa m'midzi, ndipo ambiri a ife kanema wathu ndi foni. Anyamata akujambula timasewero ndi foni n'kuponya pa TikTok, Facebook ndi YouTube, opanda bungwe lowauza mutu, opanda bwana wa ku Kwacha wowadula mawu. Zina n'zoseketsa zedi, zina n'zopusa, zambiri ndi za mphindi ziwiri chifukwa bandulo ndi yodula ndipo munthu safuna kuithera pa chinthu chimodzi. Zazitali timakazitenga kwa owotcha, pa memori khadi, mtengo wa botolo la fanta, ndipo pa ndalama imeneyo wolemba ndi wosewera sapezapo ngakhale tambala. Izi ndikuzinena ndikudziloza ndekha, chifukwa memori yanga ndi yodzaza ndi thukuta la anthu amene sindinawalipire. John Nyanga anamwalira mu 2016, Eric Mabedi mu 2021, ndipo nkhope zawo zikuzungulirabe m'mafoni mwathu ulere. Tikamati bwanji za kwathu sizikufika pa Generations, tiziyang'anakonso m'thumba mwathu momwe muli memoriyo.

Lachinayi lomwelo madzulo, anthu atabalalika ndipo kajeti katapezeka, ndinabwereka laputopu kwa msuweni wanga n'kuwaikira bambo The Last Fishing Boat pakhonde. Mwera unali ukuwombabe, panyanja palibe nyali ngakhale imodzi. Pofika pa Chingerezi ndinkaimitsa n'kumasulira, ndiye ndinasanduka DJ wa bambo anga, mayi akuseka kukhitchini kuti lero mlonda wa ATEM uja wapeza ntchito. Bambo anaonera mpaka kumapeto osadzuka, chinthu chimene sindinawaonepo akuchita ndi filimu iliyonse. Itatha anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Nkhaniyi ndi yoona. Anajambula liti?" Ndinati 2012, bambo. Anawerenga zaka ndi zala, n'kunena kuti, "Ndiye zaka zonsezi inali kuti?"

Andiuza kuti ndiitane anzawo a pa doko adzaione nawonso. Ndiye mwezi ukawala sabata ya mawa, Loweruka madzulo, tiika chinsalu pa shedi yanga. Jenereta ndi yanga, sipika walonjeza mnzathu wa ku Joni yemwe uja. Chotsala ndi malita awiri a petulo, ndipo ndikufuna tisonkhenso kangachepe koti tikagule kope yeniyeni m'malo mwa yowotcha, ndalama ifike kwa eni ake. Wa Chiyao chabwino abwere adzandithandize kumasulira, agogo ena Chichewa changa chothamanga sachimva.